Funsani Tikuyankheni: Chimawala N'chiyani M'njanji za Pansi pa Nthaka?

Makalata a mwezi uno achuluka a ku Zomba, ndipo onse akufunsa za chinthu chimodzi: moto, mphepo ndi nkhope zimene anthu amati amaziona m'ngalande modutsa sitima za pansi pa nthaka kumaiko akunja. Tawayankha mothandizana ndi anzathu odziwa za magetsi ndi za njanji.

FUNSO: Mwana wanga ali ku London ndipo wanditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Sitima ikutuluka m'ngalande, mwadzidzidzi pansi pake pang'anima moto wa buluu, khoma lonse mbee, kenaka mdima. Palibe chapsa, anthu akungokwera osalabadira. Anzanga pabawo akuti ndi mizimu ya anthu amene anafera mmenemo. Ndiuzeni zoona. Bambo wa ku Chinamwali.

YANKHO: Bambo, moto umenewo munauonapo kale, kungoti munauona masana. Ndi womwe uja umatuluka pandodo ya owotcherera zitsulo kumsika. Magetsi akamayenda mwamphamvu pakati pa zitsulo ziwiri zogundana, zitsulozo n'kutalikirana pang'ono, magetsiwo saleka pompo. Amadumpha mpatawo kudzera mumpweya, mpweyawo n'kutentha kufika madigiri masauzande angapo, n'kuwala.

Njanji ya ku London ili ndi zitsulo zinayi, osati ziwiri ngati yodutsa pa Liwonde. Ziwiri n'zoyendapo mawilo. Chachitatu chili m'mbali, chachinayi pakati, ndipo zimenezi n'zonyamula magetsi. Kwa zaka zambiri muyezo wake wakhala mavoti 630, cham'mbali +420 ndipo chapakati −210, ngakhale mizere ina anaikweza kufika pa 750. Pansi pa mabogi pali tizitsulo tafulati totchedwa shoe, timene timakwekwesa pamwamba pa zitsulo zamagetsizo n'kumatapa mphamvu. Tsono chitsulo chamagetsi sichingapitirire paliponse. Pamphambano pamene njanji zikugawikana amachidula, n'kusiya mpata, n'kupendeketsa nsonga zake kuti shoe itsike ndi kukweranso bwino. Pampata pamenepo ndi pamene moto umabadwira, makamaka ngati sitima ikungonyamuka kumene ndipo mamota akukoka magetsi ochuluka. Ikadutsapo isakukoka mphamvu, motowo umakhala wochepa kapena osaoneka n'komwe.

Pali chifukwa chinanso chimene umakulira chotere. Magetsi a m'nyumba zathu ndi AC: amasinthasintha kolowera, ndipo pasekondi iliyonse mphamvu yake imafika pa ziro ka 100, motowo n'kupeza mpata wozima. A m'njanji za ku London ndi DC, sapuma. Motowo umatamuka n'kumatsatira shoe mpaka mpata utakula kwambiri. Dzimbiri pachitsulo chimene sichidutsidwa kawirikawiri, shoe yoperepeseka, chitsulo chosalingana ndi chinzake, zonsezi zimauwonjezera. Ukaoneka wobiriwira, nthawi zambiri ndiye kuti mwalowa mkuwa wa waya. Kafungo kolasa mphuno kotsalira ndi ozone, mpweya umene moto wa magetsi umapanga.

Sitima ya Gautrain ku Johannesburg ndi yosiyana. Imatapa mavoti 25,000 a AC pawaya wa pamwamba, choncho kung'anima kwake kumaonekera padenga.

Muwauze anzanu apabawowo ayese izi: mwana wanu aimenso pamalo omwewo, ajambule sitima zingapo zotsatizana. Adzaona kuti motowo ukubwera pamalo amodzimodzi, pamene pali mphambano. Umene uyenera kudetsa nkhawa ndi wina: woyaka sitima itadutsa kale kapena itaima, wachikasu, wotulutsa utsi, wophulika mobwerezabwereza. Umenewo umatanthauza kuti chotchingira magetsi chimene chitsulo chija chimakhalapo chang'aluka kapena chakutidwa ndi fumbi lachitsulo lonyowa, kapena kuti chitini chagwera pakati. Zikatero auze ogwira ntchito pasiteshoni nthawi yomweyo.

FUNSO: Ndinapita ku Johannesburg ndi gulu la kusukulu. Tili pasiteshoni ya pansi, njanji inayamba kulira ngati mluzu, kunabwera mphepo, mkati mwa ngalande n'kuoneka timizere tiwiri towala tikukwawa, koma sitima osaoneka. Nthawi ina zonsezi zinachitika, sitima osabwera n'komwe. Wophunzira wa ku Chikanda.

YANKHO: Achemwali, zitatu zonsezo ndi akalambulabwalo a sitima. Phokoso limathamanga mamita pafupifupi 343 pasekondi mumpweya, koma m'chitsulo limafika cha m'ma 5,000. Ndiye njanji imayamba kuimba mwini wake adakali kutali. Pokhota, mawilo amatsetsereka pang'ono chammbali pachitsulo, ndipo kulira kosongoka kuja kumachokera pamenepo.

Mphepo ndi mpweya umene sitima ikukankha. Ngalande zakuya za ku London n'zopapatiza, mamita pafupifupi 3.6 m'mimba mwake, ndipo sitima imadzaza pafupifupi monse, motero mpweya ulibe kothawira koma kutsogolo. Za Gautrain n'zotakasuka, koma sitima yake imatha kufika makilomita 160 pa ola, ndipo liwiro lotero limasuntha mpweya wambiri. Sitima ikachoka, mphepo imaitsatira m'mbuyo. Timizere towala tija ndi nyali zakutsogolo zikunyezimira pamsana pa njanji, pamene mawilo anapapukuta mpaka kusalala. Pokhota, kuwalako kumayenda ndi chitsulo n'kufika kwa inu sitima idakali kuseri kwa khoma.

Nanga ikapanda kubwera? Mwina yaimitsidwa mkatimo kudikira kuti njira itseguke. Mwinanso inali ya mbali ina, ndipo mphepo ndi phokoso lake zakupezani podzera m'makonde olumikiza masiteshoni ndi m'mabowo opumira.

Tiwonjezepo kuti mdima wa m'ngalande si mdima wopanda kanthu. Ndi malo a ntchito odzaza ndi nyali zimene wokwera sanauzidwe tanthauzo lake. Ku New York, nyali ya buluu m'ngalande imasonyeza pamene pali foni, chozimira moto ndi pothimitsira magetsi a njanji pangozi. Ku London, magetsi oyendetsa sitima akathimitsidwa, nyali za m'makoma a ngalande zimayaka zokha, choncho ngalande imene yawala mwadzidzidzi ikunena kuti sitima zaima. Usiku kumalowa amisiri ndi matochi ndi majekete onyezimira. Kumalowanso sitima yopala njanji ndi miyala yonolera, yolavula zothetheka mbali zonse. Owotcherera njanji amayatsa ufa wa aluminiyamu wosakaniza ndi dzimbiri lachitsulo, umene umatentha kufika madigiri pafupifupi 2,500 n'kuwalitsa ngalande patali ndithu.

FUNSO: Mng'ono wanga akuti tsiku lina sitima ikudutsa mumdima anaona pawindo siteshoni yopanda anthu, ya makoma akale, yosalembedwa pamapu. Akutinso anaona nkhope ya mayi ikuyandama kunja kwa galasi. Kuyambira pamenepo amakwera basi. Mayi wa ku Matawale.

YANKHO: Mayi, mng'ono wanu sananame, ndipo mutu wake uli bwinobwino. Masiteshoni otsekedwa alipo ambiri, ndipo sitima zimawadutsabe tsiku lililonse. Njanji ya pansi ya ku London inatsegulidwa pa 10 January 1863, ndipo pazaka zonsezi ena anawasiya chifukwa chosowa okwera kapena kuyandikana kwambiri ndi anzake. Pamzere wa Piccadilly pali York Road, pakati pa King's Cross ndi Caledonian Road, ndi Down Street, pakati pa Green Park ndi Hyde Park Corner. Onse awiri anatsekedwa mu 1932. Down Street anaisandutsa maofesi obisika a akuluakulu a njanji pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anabisalamo. Pamzere wa Central pali British Museum, yotsekedwa mu 1933. Malo oterewa amawasiyira nyali zochepa chifukwa amisiri amalowamobe, amasungiramo zipangizo, ndipo ena ndi njira zothawira pangozi. Ku New York, siteshoni ya City Hall inatsekedwa mu 1945, koma sitima ya nambala 6 imazunguliramo potembenuka. Ku Berlin, mzinda wa ku Germany umene unali wogawidwa pawiri ndi khoma kuyambira 1961 mpaka 1989, sitima za kumadzulo zinkadutsa pang'onopang'ono osaima m'masiteshoni amdima a kum'mawa, okweramo n'kumaona asilikali ali chilili papulatifomu. Amenewo anali anthu enieni, a mfuti zenizeni.

Nkhope ija ndi ntchito ya galasi. Mbali iliyonse ya galasi imabweza pafupifupi 4 peresenti ya kuwala kogwerapo, mbali ziwiri pamodzi pafupifupi 8. Masana simuzindikira chifukwa kuwala kwa kunja kumaphimba. M'ngalande kunja kuli bii, mkati mwa bogi muli ngwee, ndiye kachigawo kochepako kamalamulira. Munthu wokhala chapatali, amene mng'ono wanu sakumuona chifukwa cha oimirira, angaonekere pawindo ngati ali panja. Galasi likakhala lopindika kapena la magawo awiri, nkhopeyo imatalika kapena kuoneka iwiri, ndipo mawaya a pakhoma akamadutsa kuseri kwake imakhala ngati ikuuluka. Akadzaionanso aphimbe m'mbali mwa maso ndi manja n'kugunditsa pagalasi. Ikazimirira, mwini wake ali m'bogi momwemo.

Zithunzi zina zoyenda n'zoikidwa dala. Mu 1980 Bill Brand anaika zojambula 228 kuseri kwa timipata m'siteshoni yosiyidwa ya Myrtle Avenue ku Brooklyn, ndipo sitima ikamadutsa zimaoneka ngati kanema.

FUNSO: Pa Facebook ndaona zithunzi za m'ngalande muli timipira toyera tikuyandama. Akuti diso silitiona, kamera yokha ndiyo imatigwira. Mnyamata wa ku Mpondabwino.

YANKHO: Ndi fumbi, achimwene. M'ngalande muli fumbi lambiri lachitsulo lochokera ku mawilo, njanji ndi mabuleki, kuphatikizapo ulusi wa zovala ndi tsitsi. Fulashi ya foni ili pafupi kwambiri ndi diso la kamera, choncho kafumbi kamene kali masentimita ochepa patsogolo kamawalitsidwa kwambiri, ndipo poti kamera yalunjika patali, kadonthoko kamafufuma n'kukhala kampira. Jambulani kawiri malo amodzi, kamodzi ndi fulashi, kenaka popanda: timipirato tidzasowa pachithunzi chachiwiri. Kadontho kobiriwira koyenda mukasuntha foni ndi nyali yowala ikubwerera pakati pa magalasi a kamera. Mizere yakuda yotsetsereka pavidiyo imabwera chifukwa nyali zambiri zimaphethira ka 100 pasekondi pamene kamera ikuwerenga chithunzi mzere ndi mzere. Kavidiyo kotumizidwa kambirimbiri kamaphwanyika m'malo amdima, ubongo n'kumangamo nkhope pa zigamba zimenezo. Mukadzapita ku London musayese za fulashizi papulatifomu, n'zoletsedwa chifukwa zimathobwa madalaivala m'maso.

FUNSO: Ana a sukulu anandifunsa ngati pali zamoyo zowala pansi pa nthaka, ngati ziphaniphani. Ena akuti moto woyenda umene asodzi amaukamba m'madambo a ku Chilwa umapezekanso m'ngalande. Mphunzitsi wa ku Domasi.

YANKHO: Aphunzitsi, zilipo, koma m'ngalande zosiyidwa. Yodziwika kwambiri ili ku Australia, pafupi ndi Lithgow, m'chigawo cha New South Wales. Ndi ngalande ya mamita pafupifupi 400 ya njanji yakale yopita ku Newnes, imene sitima zinaleka kudutsamo kalekale. Lero denga lake limawala timadontho ta buluu tosawerengeka. Ndi mphutsi za mtundu wina wa ntchentche, zimene zimalendeweza timaulusi tomata n'kuyatsa kumchira kuti tizilombo tikopeke n'kukodwa. Zimafuna chinyezi, mdima ndi mpweya wodekha, zinthu zimene sizipezeka modutsa sitima mphindi zingapo zilizonse. Pali mitundu inanso ya bowa imene imawalitsa matabwa owola mobiriwira, mofooka kwambiri moti muyenera kukhala mumdima nthawi yaitali kuti muione. Maso awiri owala pafupi ndi pansi ndi a mphaka kapena nyama ina yoyenda usiku, akubweza kuwala kwa tochi. M'ngalande zamakono, chobiriwira chowala magetsi atazima chimakhala chikwangwani chopakidwa mankhwala osunga kuwala, cholozera potulukira.

Za m'madambo, zomera zowola pansi pa madzi zimatulutsa mpweya wa methane, ndipo mpweya womwewo umatha kulowa m'ngalande ndi m'migodi. Ulibe mtundu, ulibe fungo, suwala wokha, ndipo suyaka popanda chouyatsa. Koma ukafika pakati pa 5 ndi 15 peresenti mumpweya, kothetheka kamodzi n'kokwanira kuphulitsa malo onse. N'chifukwa chake okumba ngalande amayenda ndi zida zoyezera mpweya. Muwauze ana kuti m'ngalande methane si kamoto kovina koti munthu n'kukaonerera.

FUNSO: Ndine mlonda. Ndinamva kuti ogwira ntchito usiku m'masiteshoni amenewa amaona nyali zikuyenda zokha ndi kumva ngati wina waima kumbuyo kwawo. Inenso zoterezi zimandichitikira pantchito. Kodi onsewo akunama? Bambo wa ku Sadzi.

YANKHO: Sakunama, bambo, ndipo inunso simukunama. Diso lili ndi makhalidwe ake mumdima. Limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere kwathunthu, ndipo panthawiyo limadzipangira timadontho ndi timitambo ta kuwala. Mukayang'ana nyali yowala kenaka n'kuyang'ana kumdima, chithunzi chake chimatsalira m'diso n'kumapita kulikonse mwayang'ana. Mbali za m'mphepete mwa diso zimaona kuwala kofooka kuposa pakati, ndiye kanthu kowala pang'ono kamaoneka m'mbali, mukakalunjika n'kusowa, ngati kakukuzembani. Chinanso mungachiyese usiku uno. Sankhani nyali imodzi yokhayokha kuphiri la Zomba usiku wopanda mwezi, muiyang'anitsitse osasuntha mutu. Posapita nthawi idzayamba kuyendayenda. Timinofu ta diso sitikhazikika, ndipo popanda chinthu china choyerekezera, ubongo umaganiza kuti nyaliyo ndiyo ikusuntha. Iyang'aneninso motsatira mtengo kapena ngodya ya khoma, idzaima. Oyendetsa ndege amaphunzitsidwa za chinyengo chimenechi. Onjezanipo tulo: munthu wosagona mokwanira amawodzera kwa masekondi ochepa maso ali tong'o, maloto n'kusakanikira ndi zimene akuona.

Za kumva ngati pali munthu, injiniya wina wa ku England, Vic Tandy, analemba mu 1998 kuti fani yotulutsa kunjenjemera kwa ka 19 pasekondi, kotsika moti khutu silimva, inkachititsa anthu mantha ndi kuona zithunzithunzi m'chipinda chimene ankagwiramo ntchito. Ofufuza ena amatsutsa kuti zimenezi zimachitika kwa aliyense, choncho tisazitenge ngati yankho la zonse. Chodziwika n'chakuti mafani akuluakulu ndi mapampu a madzi a m'ngalande sagona, ndipo zitsulo zimalira pozizira usiku.

Pamene tikufuna mutchere khutu ndi apa. Mutu kuwawa, chizungulire, nseru ndi maso kuchita chidima m'malo otsekeka ndi zizindikiro za carbon monoxide, mpweya wopanda fungo wotuluka pamoto wosapsa bwino. Mu March 1944, sitima yamalasha inakanika kukwera chitunda m'ngalande pafupi ndi Balvano ku Italy, ndipo anthu oposa 500 anafa ndi mpweya umenewu, ambiri ali m'tulo. Mbaula m'kanyumba ka mlonda kotseka zitseko m'nyengo yozizira ya June ndi July imatulutsa mpweya womwewo. Mukayamba kuona zachilendo muli pafupi ndi makala, tulukani panja msanga, mbaulayo itulukenso.

FUNSO: Kodi kuno kwathu zilipo njanji zoterezi? Wowerenga wa ku Namadzi.

YANKHO: Ayi. Sitima za ku Malawi zimayenda pamtunda ndipo ndi za dizilo, kuphatikizapo zodutsa panjanji ya Nkaya, Liwonde mpaka Nayuchi imene inatsegulidwa mu 1970. Zothetheka zimene mungaone usiku n'za mabuleki kapena za potulukira utsi. Mu Africa njanji yoyamba ya pansi pa mzinda ndi ya ku Cairo, ya 1987. Yapafupi ndi ife ndi Gautrain, imene inayamba mu 2010, yokhala ndi makilomita pafupifupi 15 a pansi kuchokera ku Park Station kudzera ku Rosebank ndi Sandton.

FUNSO: Mdzukulu wanga akupita kunja kukaphunzira ndipo azikakwera sitima zimenezi. Pa zowala zonsezi, aziopa chiti? Agogo a ku Malosa.

YANKHO: Agogo, aziopa chooneka wamba: kamoto kakang'ono kofiirira ndi fungo la chinthu chopserera. Madzulo a pa 18 November 1987, pasiteshoni ya King's Cross ku London, okwera anaona kamoto pansi pa masitepe oyenda okha. Masitepewo anali amatabwa, ndipo kunsi kwake kunaunjikana girizi wosakanikira ndi ulusi ndi zinyalala. Ofufuza anapeza kuti machesi oyaka anagwera pampata wa m'mbali. Ozimitsa moto atafika anauona ngati moto waung'ono. Koma masitepewo anali opendekeka madigiri 30 ndi otchingidwa mbali zonse ziwiri, ndipo m'malo moima chilili, malawi anagona motsatira masitepewo n'kumawotcha matabwa a kutsogolo mpaka onse anayaka nthawi imodzi. Cha m'ma 7:45, patangopita mphindi pafupifupi 15, moto unalavukira m'holo yogulitsira matikiti. Anafa anthu 31. Zitatero masitepe amatabwa anayamba kuchotsedwa, ndipo kusuta anakuletseratu m'masiteshoni monse.

Mdzukulu wanuyo akaona utsi kapena kumva fungo la waya wopsa, asaime kuti ajambule. Auze wogwira ntchito kapena adine batani la chithandizo papulatifomu, achoke motsatira kumene ogwira ntchito akulozera, ndipo asakwere chikepe. Utsi umathamangira m'mwamba, ndiye masitepe amene akufuka asawakwere ngakhale atakhala njira yaifupi. Zikachitikira m'bogi, akoke alamu n'kusamukira bogi lina ngati n'kotheka. Asadabwe sitima ikapitirira: ku London alamu ikalira sitima ili m'ngalande, dalaivala amafika nayo pasiteshoni yotsatira chifukwa kumeneko ndi kosavuta kutsitsa anthu. Sitima ikaima mumdima akhale momwemo mpaka atauzidwa zochita, ngakhale nyali za m'makoma zitayaka, popeza magetsi a njanji angabwezeretsedwe nthawi iliyonse. Foni ikagwera panjanji aitane ogwira ntchito, asatsikire yekha, chifukwa chitsulo chamagetsi chimaoneka chimodzimodzi kaya chili ndi moto kaya chilibe.